Poti Wasankha Kuvina, Rozina

Ngabu,
Lachitatu masana.

Rozina mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano chiyambire m'mawa kudikira kuti ukhale pansi tilankhule ngati anthu, koma iwe uli pa ulendo wotsanzika Ngabu yense, ndi anthu omwe sunalankhule nawo chichokereni ku pulayimale. Dzulo ndinayesa. Ndili pakati pa mawu, iwe mwendo wakweza pa zenera, mutu wagoneka pa bondo, n'kumati, "Pitirizani Amayi, ndikumva." Ukumva ndi chiyani, ndi chidendene? Ndiye ndatseka makina osokera, diresi la mkazi wa abusa ndalikankhira pambali, ndatenga cholembera. Pepala sungalidule mawu monga umandidulira ine.

Kalatayi uwerengere m'basi mawa, uiwerenge kawiri, ndipo usanafike ku Chileka kokwerera ndege uing'ambe tizidutswa. Chifukwa chake uchiona kutsogoloku.

Ndatsegula sutikesi yako. Usakwiye, ndine ndinakubala. Ndapezamo nsapato zako zolimba kunsonga zija za timaliboni, zovala zothina zija zonga chikopa cha njoka, ndi makaseti. Juzi mulibe. Mwana wobadwira kuchigwa kuno kumene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, amene ukangokwera mapiri kupita ku Blantyre mwezi wa Juni umabwerako ndi chifuwa, ukupita kudziko kumene akuti madzi amauma panja ngati mwala, ndipo juzi ulibe! Ndaikamo awiri, ndi sikafu ya bambo ako. Ukazitulutsa ndidzadziwa.

Ine ndinapusa pachiyambi penipeni. Unali kamwana kosatha n'kudzipukuta mamina komwe pamene tinapita ku ukwati kwa Chapananga. Ulimba, mangolongondo athu a kuno aja, utangolira unandipulumuka m'manja, kulowa m'bwalo pakati pa akuluakulu, ndipo amayi onse anasiya kuvina n'kuyamba kukululutira. Azakhali ako anandikoka nsalu nati, "Uyu mumuyang'anitsitse, miyendo imeneyi idzakusowetsani mtendere." Ine ndinaseka. Ndinati zidzatha akadzayamba sukulu. Utapita ku sekondale ku Blantyre n'kukumana ndi mphunzitsi wachizungu uja, a Misisi Kolini, amene anakuphunzitsa gule woimira zala amene mumamutcha bale, ndinati zidzatha akadzalemba mayeso. Utapeza malo ku koleji ya aphunzitsi ndinagona tulo tabwino, ndinati basi zatha. Chaka chisanathe unabwera ndi katundu wako pamutu, n'kundiuza kuti, "Amayi, ine sindingathe kuphunzitsa masamu, thupi langa limaganiza zina." Thupi limaganiza! Ndiye phunzira pa ine: chinthu chikayamba, usamanene kuti chidzatha chokha. Sichitha. Chimakula mpaka kukwera ndege.

Ndikunena izi chifukwa cha mapazi akowo. Ndinawaona Lolemba pamene umasamba kuseri. Chikhadabo cha chala chachikulu chada bii, tizala tina tapiringizana ngati mizu ya chinangwa, ndipo pokwera njinga umasinya nkhope ukamaganiza kuti palibe akukuona. Tsiku la ukwati wanga ndinabwereka nsapato kwa msuweni wanga, zoyera, zokongola, koma zazing'ono. Zinayamba kundiluma tisanalowe m'tchalitchi. Ndinakhala chete poopa kuti anthu anena kuti mkwatibwi ndi wakumudzi, sadziwa nsapato. Ndinayenda nazo kuchoka kutchalitchi mpaka kunyumba ndikumwetulira. Pozivula zinatuluka ndi khungu, ndipo masabata oyamba a banja langa bambo ako ndiwo ankatunga madzi, mudzi wonse ukuwaseka. Palibe anandipatsa mphoto chifukwa chopirira. Iwe mapaziwo ndiwo khasu lako, munda wina ulibe. Akakupweteka nena. Pita kwa dokotala. Aphunzitsi akumeneko akati vinabe, uwauze kuti amako anakaniza. Wamva, Rozina? Nena.

China. Usamavomere zimene sunamve. Ine ndinabwera m'dziko muno kuchokera ku Mozambiki ndili kamtsikana, m'kamwa mwanga muli Chisena chokha. Amayi anga anandiuza kuti kwa eni ake munthu amamwetulira n'kuyankha kuti inde. Sabata yoyamba ku sukulu, aphunzitsi anaima patsogolo panga akulankhula mothamanga, maso ali psu, chala chikuloza panja. Ine ndinamwetulira, ndinati, "Inde." Anafunsanso mokweza. Ndinamwetulira kwambiri, "Inde." Chonsecho ankafunsa ngati ndine ndinamasula mbuzi zawo zimene zinadya mapira a eni. Ndinakwapulidwa, ndinalima munda wa mapirawo, mbuzizo sindinazionepo n'komwe. Iwe umadzitama ndi Chingerezi chako cha ku Blantyre, koma a Misisi Kolini eni ake anandiuza kuti kwawoko anthu amalankhulira m'mphuno, mawu theka amameza. Ukapanda kumva, funsa. Akabwereza osamvabe, funsanso. Akakupatsa pepala kuti usaine, pita nalo kuchipinda ukaliwerenge uli wekha. Kuoneka mbuli kwa kanthawi sikupha munthu.

Tsopano tchera khutu, chifukwa kalata yonseyi ili apa.

Ukukumbukira chaka chimene mkulu wa dziko anabwera kudzaona minda ya thonje kuno? Unali wamng'ono, mwina umangokumbukira magalimoto. Amayi tonse tinavala nsalu za chipani, tinaima m'mbali mwa msewu chiyambire m'mawa, kuimba ndi kuvina pa dzuwa lathu lino. Litafika pamutu munthu asanaoneke, ndinanong'oneza mnzanga amene anaima pafupi nane, mayi amene tinkadyera m'mbale imodzi, ndinati, "Koma akamafika apeza tapsa ngati mbatata." Anaseka mpaka misozi. Sabata isanathe anyamata awiri a chipani anafika pakhonde pano, akuti a tcheyamani akundifuna. Nditalowa anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Amayi, tiuzeni bwinobwino. Mbatatayo ndani, ndipo wootchayo ndani?" Ndinagwada pa simenti, ine mayi wa ana, kupepesa chifukwa cha mbatata. Anandikhululukira, koma miyezi yotsatira palibe anabweretsa nsalu kuti ndisoke. Anthu ankadutsira tsidya lina la msewu. Bambo ako ku msika wa thonje ankapita m'mawa uliwonse osadziwa ngati akapeza sikelo yawo ili ndi munthu wina. Mayi uja timaonanabe kutchalitchi, timapatsana moni wa mtendere.

Ine ndinapulumuka. Malume ako a Zuze sanapulumuke. Iwe umangodziwa kuti anapita kukaphunzira kunja ndipo anakhala komweko. Sanakhale mwa kufuna. Anaimirira pa msonkhano wina wa ana a sukulu kumeneko, nalankhula za kwathu kuno kwa mphindi zochepa, pamaso pa anthu amene ankaganiza kuti ndi abale. Mawuwo anafika kuno iwo asanagone n'komwe. Amayi athu atamwalira tinawaika popanda mwana wawo wamwamuna, ndipo pamaliropo palibe anayerekeza kufunsa kuti ali kuti. Mlongo wanga ndinamutaya ali moyo. Sindikufuna kutayanso mwana mwa njira yomweyo.

Ndiye kumeneko ukakumana ndi munthu wolankhula Chichewa, mtima udzadumpha, ndikudziwa. Mupatse moni, idyani limodzi, kambani za mvula. Akayamba kuti, "Nanga kumudzi zinthu zili bwanji masiku ano?" uyankhe kuti thonje lachita bwino. Azungu a nyuzipepala akadzakufunsa chifukwa chimene akazi kwanu saloledwa kuvala thalauza, unene kuti, "Ine ndimavina basi." Kumbukira kuti kuno wasiya bambo ako pa ntchito, ndi mlongo wako Paulo amene akulemba mayeso chaka chamawa.

Ndipo usandiuze kuti iwe sulankhula, umangovina. Ndakudziwa kalekale. Gule uja unapeka mwezi watha, amene unkaphunzitsa atsikana mu shedi ya thonje, aliyense atamanga kansalu kukamwa, akuyenda mozungulira munthu mmodzi woima pa mpando, ukuganiza kuti ndi ine ndekha ndinamumva? Nditakufunsa unandiyankha ndi maso ouma kuti, "Ndi nkhani ya fumbi la thonje, Amayi." Fumbi la thonje limaima pa mpando? Anthu si opusa, Rozina. Anyamata a chipani aja anakupezani mu shedimo tsiku lija anangoona zothina zanuzo, n'chifukwa chake nkhani inathera pa zovala. Ndinathamanga msika wonse ndi zitenje m'manja, kukakufunditsani ngati anthu otuluka m'madzi, ine n'kumati, "Ana awa ndi masewera chabe, abambo, akhululukireni." Akanafika msanga pang'ono n'kuona mpando uja, bwenzi lero ukupakira sutikesi ya ulendo wina. Pasipoti imene uli nayoyo yatuluka chifukwa a Misisi Kolini anayenda m'maofesi mpaka nsapato kutha. Gule ameneyo musiye m'mutu. Ngati idzafike nthawi yake, idzafika, ndipo ndidzakusokera ndine tinsaluto. Panopa iyayi. Ndabwereza m'Chisena chathu, nkhabe.

Tikambe za amuna okunyamula m'mwamba povina bale aja. Ndinafunsa a Misisi Kolini ngati palibe njira yoti uzivina wekha, anandiseka. Chabwino. Ngati ndi ntchito, akunyamule, akutsitse, apite kwawo. Ndisanadziwane ndi bambo ako kunali mnyamata wina woimba ulimba, dzina lake Tomasi. Akagwira timitengo tija ankandiyang'ana ine ndekha m'bwalo lonse, kapena ine ndinkaona choncho. Tsiku lina ndinanamiza amayi kuti ndikupita kwa azakhali, ndinayenda wapansi mpaka ku Bangula kumene ankaimba. Ndinapeza akuyang'ana mtsikana wina ndi maso omwewo, ndipo pambali pa bwalo panakhala mayi wa mimba akumusungira jekete. Ndinafunsa woyandikana nane kuti mayiyo ndani. Anati, "Mkazi wake wa kuno. Wa ku Chiromo sanabwere lero." Ndinabwerera ndi njala, fumbi mpaka m'mawondo. Munthu amene mumamvana m'bwalo si ndiye kuti mudzamvana m'nyumba. Ukafuna kudziwa mwamuna, umuone pamene ng'oma zaleka, nyali azimitsa, ndipo iwe wadwala chimfine.

Idya. Izi zokha ndilibe nkhani yake, chifukwa ine sindinakanepo chakudya m'moyo mwanga. Ndamva kuti kumeneko amafuna ovina owonda ngati bango. Iwe ndiwe mwana wa kuno, uli ndi msana ndi ntchafu za anthu a kuno, ndipo anakusankha atakuona choncho. Akafuna bango abwere adzadule ku Shire, liliko lambiri.

Pali khalidwe lina limene sindikondwera nalo, ndipo ndikudziwa kumene unalitenga. Ukamaphunzitsa anzako magule ako opekawo umakalipa ngati kapitawo wa ku esiteti ya nzimbe. Ndinakumva ukuuza Marita, mwana wa eni, kuti akudumpha ngati thumba la chimanga, pamaso pa anzake onse. Anabwera kuseri kwa nyumba kuno kudzalira, ine ndinamupatsa madzi. Chaka china amayi a kutchalitchi anandisankha kuti nditsogolere nyimbo ndi mavinidwe pa tsiku lolandira abusa atsopano. Ndinkadziwa chimene ndinkafuna, ndinkachiona m'maso mwanga chonse, ndipo amayiwo ankachedwa kuchigwira. Ndinakalipa. Mayi wina wachikulire ndinamuuza kuti aime kumbuyo chifukwa akusokoneza mzere. Anandiyang'ana nati, "Takhuta, mphunzitsi," natola nsalu yake. Tsiku lenilenilo abusa akutsika pa galimoto, ndinatembenuka kuti ndiyambitse nyimbo, ndinapeza kumbuyo kwanga kuli anthu atatu, mmodzi mwa iwo wosamva. Ena onse anakhala pansi pa mtengo, manja pamiyendo, akundionerera. Iwe ukuti ukufuna kudzakhala wopeka magule, kuti anthu azidzavina zochokera m'mutu mwako. Gule wa m'mutu alibe miyendo, mwana wanga, amabwereka ya anzako. Wokubwereka miyendo yake umulemekeze. Ndipo usananyamuke mawa upite kwa Marita.

Za bambo ako usadandaule nazo kwambiri. Ndikudziwa kuti chibwerere kalata ya sukulu ya magule yakunjayo sanakuyankhule mawu opitirira moni. Anzawo ku msika amawaseka, amati, "Achimwene, mwana wanu uja akuti akukaphunzira kuvina? Kuno magule atha?" Iwo amangoyang'ana sikelo. Kunyumba amandiuza ine kuti, "Mwana wanuyu mwamulekerera ndinu," ngati kuti ndinamubala ndekha. Koma dzulo ndinawapeza akumanga chogwirira cha sutikesi yako ndi waya, ndipo anandifunsa kawiri ngati basi ya m'mawa imaima pa sitolo kapena pa mtengo wa bwemba. Mawa adzanyamula sutikesiyo pa njinga, adzayenda patsogolo osacheuka. Usawakakamize kulankhula. Basi ikafika ugwade, uwagwire dzanja ndi manja awiri, unene kuti, "Bambo, ndapita." Akangoti "Chabwino," dziwa kuti anena zambiri. Ndipo makalata ako uzilemba dzina lawo pa envulopu, osati langa. Ndidzawerenga ndine ndithu, koma dzina likhale lawo.

Chatsala chimodzi, ndipo chimenechi ndakhala nacho kukhosi chichokereni ku Blantyre.

Pamene munaonetsa magule anu mu holo ya sukulu ija, tsiku limene anabwera azungu amene anakusankha, unandikhazika kutsogolo osandiuza kanthu. Zoyambirira zija, za atsikana oyera ngati akakowa akuyenda ndi zala, ndinangoonerera ndikumvera chisoni mapazi awo. Kenaka anati tsopano tiona gule wopekedwa ndi Rozina, dzina lake Madzi. Kaseti inayamba kulira ulimba, pansipansi. Munatuluka mu mzere, osavala nsapato, mutavala zitenje zimene ndinasoka ndekha osadziwa ntchito yake, manja m'mwamba ngati mwasenza katundu, mukukweza mawondo pang'onopang'ono monga achitira munthu woyenda m'madzi ofika m'chiuno. Ndinadziwa pomwepo. Chinali chaka chija Shire anasefukira ku Chiromo n'kutichotsa pamudzi, chaka chimene tinasamukira kuno. Iwe unali kumsana kwanga, mutu wa makina osokera uli pamutu panga, madzi akukoka nsalu. Nkhani imeneyo ndinakuuza kamodzi kokha, ndikusenda nandolo, ndipo ndinkaganiza kuti sukumva.

Kenaka iwe unatsalira m'mbuyo mwa mzere, unapunthwa, unaimirira, n'kuyamba kuyenda motsimphina. Katundu wosaonekayo sunamugwetse. Unayenda choncho siteji yonse, phewa limodzi lotsika, chiuno chikukankha mwendo, mpaka unawapeza anzako. Mayendedwe angawa, Rozina. Amene ndinatsala nawo chibayidwire ndi chitsa pansi pa madzi tsiku limenelo, amene ndakhala ndikuwabisa ndi masiketi aatali zaka zonsezi, amene ana a pa msika amanditsanzira ndikadutsa. Unawaika poyera pamaso pa anthu odzaza holo, osandipempha. Ndinafuna kudzuka, koma mayi wina amene anakhala pambali panga, munthu wosamudziwa, wa kumtunda, amene Shire sanamuonepo, anandigwira mkono akulira, nati, "Mayi, taonani mzimayi uyo, sakugwetsa katundu." Sanadziwe kuti wagwira mkono wa ndani. Pomaliza anthu onse anaimirira. Ine ndinakhalabe pansi.

Utabwera kudzandifunsa kuti, "Mwaona bwanji, Amayi?" ndinakuuza kuti mpendero wa chitenje chako wasosoka. Unakhumudwa, ndinaona. Mawu ena ndinalibe tsiku limenelo, ndipo ngakhale lero ndikuwasaka. Ndakwiyabe, usaganize kuti zatha. Munthu amapempha. Koma a Misisi Kolini andiuza kuti gule ameneyo ndiye anakutsegulira khomo, ndipo kuti akufuna ukamuonetsenso kumeneko, mu holo zazikulu, pamaso pa anthu amene sadziwa kuti Chiromo ili kuti. Ndiye kuti ine, amene sindinapitirirepo Blantyre, ndikatsimphina kutsidya kwa nyanja.

Chabwino, pita naye. Ndakuloleza tsopano, ngakhale sunapemphe. Koma ngati ukukaonetsa amako kwa anthu a eni, ukawaonetse molondola. Mwendo wolumalawo ndi wamanzere, Rozina. Iwe unatsimphina ndi wamanja. Zaka zonsezi ukuyenda pambuyo panga, ndipo unalakwitsa mwendo. Ukakonze.

Mulungu akutsogolere, akubwezere kuno ndili ndi maso.

Ndine amako,
Joana